Dzimbiri ndi Maziko: Phunziro la Kujambula Zida Zaulimi Zosiyidwa

Kumalire a matauni ena kuli malo amene munthu amasowa dzina lowatchula. Mlimi anagulitsa munda n'kuchoka. Womanga nyumba anabwera, anathira maziko, ndalama zinamuthera, nayenso anachoka. Chotsala ndi thirakitala yadzimbiri m'tchire, ndipo kuseri kwake kuli makoma opanda denga. Anthu ambiri amangodutsa, koma alipo ojambula ongokonda, osalipidwa ndi aliyense, amene amaima n'kutulutsa kamera. Phunziro lino likufotokoza phindu la zithunzi zoterezi, ndiponso mmene wophunzira amene ali ndi foni yokha angazijambulire bwino, moona mtima komanso osavulala. Chitsanzo chathu tachitenga ku Ireland, dziko limene malo oterewa anachuluka kwambiri kuyambira mu 2008.

1. Mmene minda inasandukira mabwinja

Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1990 mpaka 2007, chuma cha Ireland chinakula mofulumira moti anthu anachipatsa dzina loti Celtic Tiger. Mabanki ankakongoza ndalama mosavuta, mitengo ya nyumba inkakwera chaka ndi chaka, ndipo omanga ankakhulupirira kuti nyumba ikatha wogula sangasowe. M'chaka cha 2006 chokha, dziko la anthu pafupifupi 4.2 miliyoni linamanga nyumba zoposa 90,000. Boma nalo linasonkhezera moto. Mu 1998 linakhazikitsa ndondomeko yochepetsera msonkho anthu omanga m'maboma akumidzi a kumtunda kwa mtsinje wa Shannon, monga Leitrim ndi Longford. Madambo odyetsera ng'ombe ndi nkhosa m'mphepete mwa timatauni anagulidwa pa mitengo imene ulimi sukanabweza.

Mitengo ya nyumba inayamba kutsika mu 2007. Kumapeto kwa Seputembala 2008 boma linalonjeza kuti lidzabweza ngongole za mabanki akuluakulu a m'dzikomo ngati iwo alephera. Mu 2009 linakhazikitsa bungwe la NAMA kuti litenge ngongole za omanga nyumba zimene mabanki sankathanso kutolera. Kalembera wa boma wa mu Okutobala 2010 anapeza malo omangapo nyumba oposa 2,800 amene ntchito inali isanathe kapena nyumba zake zinalibe anthu. Mwezi wotsatira dzikolo linagwirizana ndi European Union ndi IMF pa ndondomeko yolipulumutsa yokwana mayuro 85 biliyoni.

Malo amenewa anatchuka ndi dzina loti ghost estates, mawu amene katswiri wa zachuma David McWilliams anayamba kugwiritsa ntchito mu 2006. M'Chichewa mawu oyandikira ndi bwinja. Koma pabwinja lenileni pamakhala phulusa, mafuwa ndi mitengo ya mango, umboni woti anthu anakhalapo. M'nyumba zambiri za m'mabwinja a ku Ireland simunagonepo munthu ngakhale usiku umodzi. Umboni wa moyo umene unalipo kale uli m'mphepete mwa mpanda: pulawo, chotchetchera udzu kapena thirakitala imene mwini munda sanaone chifukwa choisamutsira.

N'chifukwa chiyani munthu angataye nthawi kujambula zimenezi? Chifukwa sizikhalitsa. Pasanathe zaka 10, ambiri mwa malo aja anamalizidwa kapena kugwetsedwa. Zida zakale nazo zimatengedwa ndi ogula zitsulo kapena ndi anthu okonda kukonzanso mathirakitala akale. Kanthawi kamene munda unali utafa koma mudzi usanabadwe kamangotsala m'zithunzi. Akatswiri ena anaijambula nyengoyi. Anthony Haughey, m'ntchito yake ya mu 2011 yotchedwa Settlement, ankajambula malowa dzuwa litalowa mpaka m'bandakucha. Koma katswiri sangafike pa malo 2,800. Wongokonda kujambula amene amakhala pafupi ndiye amatha kubwerera mwezi ndi mwezi. Ntchito ya Geograph, imene inayamba mu 2005, yaonetsa mphamvu ya anthu otere: odzipereka wamba akhala akusonkhanitsa zithunzi za kachigawo kalikonse ka kilomita imodzi m'litali ndi m'lifupi ku Britain ndi Ireland.

2. Dziwani chimene mukujambula

Wojambula amene sadziwa chida chili patsogolo pake amangoona mulu wa dzimbiri. Wodziwa amaona zaka, ntchito ndi manja a anthu.

Thirakitala yotchuka kwambiri m'mbiri ya ulimi wa ku Ireland ndi Ferguson TE20, yaing'ono, yotuwa ngati phulusa. Harry Ferguson anabadwa mu 1884 ku County Down, kumpoto kwa chilumbachi, ndipo anali mwana wa mlimi. M'masiku ake mathirakitala ankakoka pulawo ngati mmene ng'ombe zimakokera. Pulawo ikakodwa pamwala, thirakitala inkatha kudzuka kutsogolo n'kugudubukira chagada, kupsinja woyendetsa. Ferguson anakonza njira yomangirira pulawo pa zogwirira zitatu kumbuyo kwa thirakitala, ziwiri m'munsi ndi chimodzi pamwamba, zonyamulidwa ndi mphamvu ya oyilo wopopedwa. Mwa njira imeneyi kulemera ndi kukana kwa pulawo kumakanikiza matayala akumbuyo pansi, ndipo kutsogolo sikudzuka. Thirakitala yopepuka inayamba kugwira ntchito ya yolemera.

TE20 inapangidwa ku Coventry, ku England, kuyambira 1946 mpaka 1956, ndipo zinatuluka zoposa 500,000. M'mafamu ang'onoang'ono ambiri ndiyo inalowa m'malo mwa kavalo. Mu 1953 kampani ya Ferguson inaphatikizana ndi Massey-Harris ya ku Canada, ndipo kuyambira 1958 dzina linakhala Massey Ferguson. Mathirakitala ofiira a dzina limeneli amene timawaona m'maesiteti kuno kwathu ali ndi zogwirira zitatu zomwezo kumbuyo.

Penti ikatsalako, imathandiza kuzindikira chida. Yotuwa yokhayokha imaloza ku TE20. Yofiira pamwamba, yotuwa pa injini, imaloza ku Massey Ferguson, monga 135 imene inayamba kupangidwa mu 1964. Yabuluu kawirikawiri ndi Fordson Major kapena Ford, ndipo yobiriwira ya mawilo achikasu ndi John Deere. Zida zokokedwa ndi akavalo n'zakale kuposa zonsezi. Ku Ireland zambiri zinkapangidwa ndi kampani ya Pierce ya ku Wexford, ndipo dzina la wopanga limaumbidwira pachitsulo penipeni, makamaka pampando. Pa thirakitala funani kachitsulo kolembedwa nambala, kamene kamapezeka pafupi ndi chiwongolero kapena pambali pa injini. Nambala imeneyo ikhoza kukuuzani chaka chimene chidacho chinapangidwa. Ijambuleni nthawi zonse.

3. Dzimbiri ndi tchire zimawerenga zaka

Dzimbiri limabwera chitsulo chikakumana ndi madzi pamodzi ndi mpweya wa okosijeni. Chotulukapo chimatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene chadyedwa, n'chifukwa chake chimatupa, kusweka n'kugwa ngati makungwa, kusiya chitsulo chatsopano poyera kuti nacho chidyedwe. Ku Ireland, kumene mvula imagwa pafupifupi mwezi uliwonse, ntchito imeneyi siima.

Zigawo za chida sizitha nthawi imodzi. Malata opyapyala, monga chivundikiro cha injini ndi zotchinga matope, ndiwo amayamba kubooka. Matayala amang'aluka ndi dzuwa n'kuphwa. Zitsulo zochindikala zoumbidwa, monga thunthu la injini ndi nkhwangwa yakumbuyo, zimatsala zaka zambiri. Choncho thirakitala imene malata ake akadali athunthu sinakhalitse panja ngati imene yatsala mafupa okhaokha.

Zomera nazo ndi mboni. Udzu umakwera chaka chimodzi, minga ndi ziyangoyango zimafuna zaka zingapo, koma mtengo umene wamera kupyola pakati pa chimango cha pulawo n'kunenepa ngati mwendo wa munthu ukunena za zaka zambiri. Yerekezani ndi zomera za pamaziko a nyumba zosamalizidwa. Ngati mtengo wa pa pulawo ndi waukulu kuposa ya pamaziko, ndiye kuti pulawo inasiyidwa omanga asanabwere. Mfundo imeneyi tiibwerezanso m'gawo lachisanu.

4. Poimira, kuwala ndi kamera

Nkhani ya chithunzi chotere ili pa zinthu ziwiri zokhala pamodzi: chida chaulimi ndi nyumba yosatha. Chimodzi chikasowa, mwajambula chabe thirakitala yakale kapena chabe khoma. Musanadinde, zungulirani malowo kawiri kufunafuna poimira pamene zonse ziwiri zikuoneka popanda china kubisa chinzake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Diso la kamera ya foni limaona motambalala. Zapafupi limazikuza, zakutali limazichepetsa. Mukayandikira kwambiri thirakitala, nyumba zimasanduka timabokosi ta machesi kutali. Ngati mukufuna kuti nyumba zioneke zikuyandikira chidacho, bwererani m'mbuyo mapazi angapo n'kusankha 2x, kapena pa kamera yaikulu gwiritsani ntchito diso lokokera zakutali. Musakokere ndi zala kupitirira pamene foni yanu ili ndi diso lakelake, chifukwa kutero kumangotambasula chithunzi n'kuchichititsa chimbuuzi.

Njutani kapena gwadani. Chithunzi chojambulidwa mutaima chilili chimafanana ndi zimene aliyense wodutsa amaona. Kamera ikatsika kufika pa msinkhu wa tayala, chida chimatuluka m'tchire n'kuonekera pathambo. Yatsani mizere yogawa chithunzi patatu m'litali ndi m'lifupi. Ikani chida pamene mizere ikudutsana m'malo moika pakatikati, ndipo onetsetsani kuti makoma aima chilili, osapendekera.

Kuwala kwa masana kumaphwatalitsa zinthu n'kusiya mithunzi yakuda bii pansi pa injini. Dzuwa likakhala m'munsi, m'mawa kapena madzulo, limawomba cham'mbali n'kuonetsa tokhakhala tonse ta dzimbiri. Ku Ireland, kumene kuli kutali ndi ikweta, dzuwa limatsika mopendekera ndipo kuwala kumeneku kumakhalitsa. Kuno kwathu limalowa mothamanga, choncho fikani msanga, sankhani poimira, kenaka dikirani. Tsiku la mitambo nalonso n'labwino: mithunzi imafewa, ndipo chitsulo chonyowa ndi mvula chimaonetsa kufiira kwake konse.

Pa foni, gundani chala pachida kuti kamera ilunjike pamenepo, kenaka tsitsani kuwala pang'ono kuti thambo lisayere mbee. Malo amdima mukhoza kuwawalitsa pambuyo pake, koma pamene payera mopitirira palibe chobweza. Pa kamera yaikulu yambani ndi ISO 100 kapena 200, ndipo kabowo kolowera kuwala muike pa f/8 kapena f/11 kuti chida ndi nyumba zonse zioneke bwino. Kukada, kamera imafuna nthawi yaitali yotsekula diso, ndiye itsamiritseni pa mwala kapena pa chitsa kuti isagwedezeke. Pukutani diso la foni musanayambe, chifukwa mafuta a zala amawononga zithunzi zambiri kuposa kutchipa kwa foni.

Pamalo alionse jambulani zithunzi zitatu. Choyamba cha patali, choonetsa malo onse: munda, msewu, nyumba ndi phiri kapena mtengo umene wina angadzazindikire nawo malowo. Chachiwiri cha pakatikati, chida chathunthu ndi nyumba kumbuyo. Chachitatu cha pafupi: nambala, dzina la wopanga, kapena pamene mwini anawotcherera chitsulo chothyoka. Zigamba zoterezi ndizo zimaonetsa kuti chidachi chinali ndi munthu amene ankachidalira.

5. Chithunzi chimatha kunama

Mu 1936 Arthur Rothstein, wojambula wa boma la United States, anapeza chibade cha ng'ombe ku South Dakota pa nthawi ya chilala. Anachijambula pa nthaka yong'aluka, kenaka anachisuntha pang'ono n'kuchijambulanso pamalo ena. Zitadziwika, nyuzipepala zotsutsa boma zinati zithunzizo n'zabodza, ndipo zinagwiritsa ntchito nkhaniyo ponyoza ntchito yonse ya ojambula a boma. Chilala chinalipodi, alimi ankavutikadi, koma chibade chimodzi chosunthidwa chinapatsa otsutsa chifukwa chokanira zonse. Phunziro lake n'lachidule: musasunthe kanthu. Musakokere gudumu pafupi ndi khoma kuti zioneke zokhudza mtima. Pokonza chithunzi mukhoza kuwongola kuwala ndi kudula m'mbali, koma musafufute nthambo yamagetsi kapena nyumba yokhalamo anthu kuti malowo aoneke osiyidwa kuposa mmene alili.

Bodza lachiwiri n'lobisika. Mukaika thirakitala yakufa kutsogolo ndi nyumba zosatha kumbuyo, woona amaganiza yekha kuti nyumbazo ndizo zinapha famu. Nthawi zina n'zoona. Koma TE20 yopangidwa mu 1950 ikhoza kukhala kuti inaimikidwa zaka makumi awiri womanga asanafike, mwini atagula ina yatsopano. Mwinanso mlimi anali wokalamba, ana ake ali ku Dublin kapena ku London, ndipo anagulitsa mokondwa. Kamera imaonetsa kuti zinthu ziwiri zili pamodzi, koma siingafotokoze chimene chinayambitsa chinzake. Yankho lili ndi anthu okhala pafupi. Safunsa anadya phula.

N'chifukwa chake chithunzi chilichonse chimafunika mawu apansi pake. Lembani chida chake, malo, tsiku, ndi zimene mwauzidwa pamodzi ndi amene wakuuzani, ngati walola kutchulidwa. Siyanitsani zimene mwaona ndi zimene mwamva. Chithunzi chopanda tsiku ndi malo chimakongoletsa khoma basi, pamene chokhala nazo chikhoza kudzathandiza wofufuza mbiri zaka 50 zikubwerazi.

Kumbukiraninso kuti dzimbiri limakongola pachithunzi, koma kuseri kwake kuli anthu. Ku Ireland mabanja ena anagula nyumba zoyamba kutha m'malo aja pa ngongole yaikulu, n'kupezeka akukhala pakati pa zigoba, popanda magetsi a mumsewu, m'nyumba zimene mtengo wake unatsika kuposa ngongole yawo. Amisiri ambiri anataya ntchito, ena n'kusamukira ku Australia ndi ku Canada. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Musajambule tsoka la munthu ngati choseketsa, ndipo musajambule nkhope, khomo kapena galimoto ya wokhalamo popanda chilolezo chake.

6. Chilolezo ndi chitetezo

Malo osiyidwa ali ndi mwini, ngakhale mwiniyo atakhala banki. Ku Ireland kulibe lamulo lopatsa munthu ufulu wongolowa m'munda wa wina, ndipo ojambula osamala amajambula ali pamsewu kapena amayamba apempha. Kulikonse kumene muli, funani mwini, mlonda kapena mfumu ya deralo, fotokozani kuti ndinu wophunzira, ndipo muwaonetse zimene mwajambula. Akakana, thokozani n'kuchoka.

Malo omanga osiyidwa ndi oopsa. Mumakhala maenje osatsekedwa obisika m'udzu, zitsulo zosongoka zotuluka m'simenti ndi makoma osalimba. Mu 2012 mwana wa zaka ziwiri anamira m'madzi odikha pamalo otere pafupi ndi tauni ya Athlone. Musakwere pa chida kapena kulowa pansi pake, chifukwa chitsulo chodyedwa chimathyoka mosachenjeza. Valani nsapato zotseka. Mukachekedwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri n'kupita kuchipatala. Kafumbata amachokera ku tizilombo ta m'dothi tolowa pabala lakuya, ndipo chitsulo chogona pansi chimakhala ndi dothi lotere. Kuno kwathu onjezerani njoka, mavu, njuchi ndi chitedze. Pitani awiri, masana, ndipo wina adziwe kumene mwapita.

Foni imasunga m'kati mwa chithunzi tsiku, nthawi, ndiponso malo enieni ngati GPS ili yoyatsa. Zimenezi n'zothandiza pa kaundula wanu, koma poonetsa chithunzi kwa anthu ambiri chotsani malo enieniwo, kuopa kulozera akuba zitsulo katundu wa eni ake. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati chikalata kuti chithunzi chisafinyidwe, ndipo sungani choyambiriracho pa malo awiri.

Ntchito yochita

Awiriawiri, pezani malo amodzi pafupi ndi koleji kapena kwanu pamene chida chaulimi chosiyidwa chayandikana ndi nyumba yosamalizidwa kapena mapuloti ongodulidwa. Chidacho chikhoza kukhala thirakitala, ngolo, pulawo ya ng'ombe kapena injini ya chigayo. Pemphani chilolezo, jambulani zithunzi zitatu zija, ndipo lembani mawu apansi osapitirira mizere inayi pa chilichonse. Lembaninso pamene munaima. Bwererani pamalo omwewo kumapeto kwa temu, muime pomwepo pa nthawi yomweyo ya tsiku, n'kujambulanso. Ikani zithunzi ziwirizo pamodzi ndi kulemba zonse zimene zasintha.

Mafunso okambirana

1. Kodi ndi zizindikiro ziti zitatu zimene zingakuthandizeni kudziwa ngati chida chinasiyidwa omanga nyumba asanafike kapena atafika?
2. Rothstein sanapeke chilala. Nanga n'chifukwa chiyani kusuntha chibade kunawononga umboni wake?
3. Mwini malo walola kuti mujambule, koma wapempha kuti musatchule kuti ntchito yomanga inaima chifukwa cha ngongole. Kodi mawu apansi pa chithunzi muwalemba bwanji kuti musaname komanso musamuchititse manyazi?
4. Ngati munda wachonde wasanduka maziko amene sadzamalizidwa, ndani wataya kwambiri: mlimi, womanga, wogula, kapena anthu amene ankadya za m'mundamo? Perekani zifukwa.